Tifunseni: Nthano za achinyamata zokamba za tsankho ndi ufulu wa amayi

Ndikulemba nthano yaitali ya achinyamata. Mpangankhani wamkulu ndi mtsikana wakuda wa ku Montgomery, ku Alabama m'dziko la America, m'chaka cha 1955. Anzanga amene awerenga mitu itatu yoyamba akuti ikumveka ngati manotsi a m'kalasi. Ndalakwitsa pati? — Mlembi wongoyamba kumene

Matenda amenewa amagwira alembi ofufuza kwambiri. Munthu wawerenga zambiri, ndiye akufuna zonse zilowe m'buku, mapeto ake mtsikana wa zaka 15 akulankhula ngati mphunzitsi ali pabolodi. Yambani ndi kufufuta ndime iliyonse imene ikuuza owerenga kuti tsankho linali loipa. Akudziwa kale. Chimene sakudziwa ndi mmene lamulo la tsankho linkagwirira munthu tsiku ndi tsiku.

Tengani basi. Mipando khumi yakutsogolo inali ya azungu okha, ngakhale ikhale yopanda munthu. Wakuda ankalipira kwa dalaivala pakhomo lakutsogolo, n'kutsika, n'kukalowera khomo lakumbuyo, ndipo nthawi zina basi inkanyamuka iye ali pansi, ndalama atapereka kale. Pamipando yapakati, mzungu mmodzi akasowa pokhala, akuda onse a mumzere umenewo ankauzidwa kuti anyamuke. Mukweze mtsikana wanu basi imeneyi, mabuku ali pamiyendo, maso ali pagalasi la dalaivala, akuwerenga azungu amene akukwera pa siteji iliyonse. Tsamba limodzi lotere likuposa mutu wonse wofotokoza.

Kenako lembani masiku enieni papepala, pambali pake zaka za mtsikanayo ndi zimene akudziwa pofika tsikulo. Pa 2 Malichi 1955, Claudette Colvin, mwana wasukulu wa zaka 15, anamangidwa atakana kunyamuka pampando. Rosa Parks, mayi wakuda amene nayenso anakana kunyamuka, anamangidwa pa 1 Disembala. Usiku womwewo Jo Ann Robinson, mphunzitsi wakuda wa pakoleji, ndi anzake anasindikiza timapepala zikwizikwi tomemeza anthu, ndipo kunyanyala mabasi kunayamba pa 5 Disembala, n'kutha patapita masiku 381. Apa ndi pamene ambiri amaterereka: amampatsa mpangankhani nzeru za lero. M'Malichi 1955, Martin Luther King anali mbusa wa zaka 26 chabe, wobwera mumzindawo chaka chathachi. Mtsikana wanu sangamutchule ngati munthu wodziwika dziko lonse, ndipo sakudziwa kuti kunyanyalako kudzapindula. Iye akuona nsapato zikutha ndi mvula ikugwa.

Mkangano weniweni muuike m'nyumba. Ambiri mwa okwera mabasi anali amayi ogwira ntchito m'nyumba za azungu. Mayi a mtsikana wanu akayenda wapansi n'kuchedwa, ntchito itha, banja lidya chiyani? Mwana akufuna kulimba mtima, mayi akuopa, ndipo onse awiri ali ndi mfundo. Mayiyo musamusandutse wamantha wopanda nzeru.

Anthu enieni a m'mbiri azidutsa chapatali, ndipo musawaike m'kamwa mawu amene sananene. Pampondachimera pakhale pa zimene mtsikanayo wasankha yekha. Mukabweretsa mzungu wachifundo kudzamupulumutsa pamutu womaliza, buku lasanduka la mzunguyo.

Ophunzira anga akupeka sewero la amayi a ku America omenyera ufulu wovota. Akufuna lithere mu 1920, amayi onse, akuda ndi oyera, akusangalala limodzi. Kodi zili bwino? — Mphunzitsi wa kusekondale

Aphunzitsi, mathero amenewo ndi okoma koma ndi abodza. N'zoona kuti mu 1920 malamulo aakulu a dzikolo anasinthidwa kuti munthu asaletsedwe kuvota chifukwa ndi mkazi. Koma m'zigawo zakum'mwera, mayi wakuda akapita kukalembetsa ankakumana ndi msonkho wapadera wolipira asanavote, mayeso a kuwerenga amene wolembetsa ankakhoza kumulepheretsa mwadala, komanso kuopsezedwa. Khomo linatseguka kwenikweni ndi lamulo la zovota la mu 1965. Ndi zaka 45 zimenezo: mtsikana wa zaka 20 mu 1920 anali gogo.

Ngakhale pakati pa amayi okhaokha tsankho linalipo. Pa zionetsero za ku Washington mu Malichi 1913, mtolankhani wakuda Ida B. Wells anauzidwa kuti asayende ndi amayi achizungu a ku Illinois, kwawo, koma apite kumbuyo. Anadikira m'khamu la oonerera, gulu lakwawo likudutsa anangolowa pakati. Apatseni ana chochitika chimenechi, muona sewero likudzuka lokha.

Ku South Africa zinali chimodzimodzi. Amayi achizungu anayamba kuvota mu 1930, amayi akuda anadikira mpaka 1994. Ngati ophunzirawo akufunitsitsa chithunzi cha amayi a mitundu yosiyana ali pamodzi, chilipo chenicheni: pa 9 Ogasiti 1956 amayi pafupifupi 20,000 anapita ku Union Buildings, maofesi aakulu a boma ku Pretoria, kukakana lamulo lowakakamiza kuyenda ndi zitupa. Anawatsogolera Lilian Ngoyi, Helen Joseph, Rahima Moosa ndi Sophia Williams. Nduna yaikulu, J.G. Strijdom, sanaonekere. Anasiya milu ya zikalata za madandaulo pakhomo, n'kuima chete mphindi 30, ena ana ali kumsana. Koma anawo adziwe kuti zitupazo sizinathe tsiku limenelo, boma linapitiriza kuzikakamiza.

Mwana wanga wa zaka 13 wabwereka buku la nthawi ya tsankho, ndipo muli mawu otukwana anthu akuda komanso nkhani yakupha. Ndimulande? — Kholo

Musafulumire kulanda, yambani mwaliwerenga nokha, ngakhale mitu iwiri yokha imene ikukudetsani nkhawa. Onani zinthu ziwiri. Choyamba, mawu onyozawo akuchokera m'kamwa mwa ndani, ndipo wonyozedwayo tikumuona akumva kuwawa? Akamatuluka apo ndi apo, pamene akubaya, ali pantchito. Akakhala patsamba lililonse ngati zokometsera, mlembi walephera. Chachiwiri, nkhanza zikuonetsedwa bwanji? Buku labwino la msinkhu umenewu silichedwa pa mabala, limachedwa pa otsala: mpando wopanda munthu m'kalasi, mayi akupinda zovala za mwana amene sadzabweranso.

Kumbukiraninso kuti zimenezi zinagwera ana a msinkhu womwewo ngakhalenso ocheperapo. Emmett Till, mnyamata wakuda, anaphedwa ku Mississippi, m'dziko la America, mu 1955 ali ndi zaka 14. Ruby Bridges, mtsikana wakuda, anali ndi zaka 6 pamene ankaperekezedwa ndi apolisi a boma polowa sukulu ya azungu ku New Orleans mu 1960. Ngati mwanayo ndi wosachedwa kulota zoopsa, muwerengere limodzi mutu wovutawo masana, osati pogona, ndipo mumuuze poyera kuti mawu otukwanawo ndi owerenga m'buku, si okayesera pa anzake kusukulu.