Funsani za chesi: ndani akhale pa bodi 1?

Funso: Amalume, ine ndine kaputeni wa katimu ka chesi, timasewera mu ligi ya mabodi 4. Anyamata anga rating yawo (nambala yoonetsa mphamvu za wosewera) ndi 1900, 1850, 1800 ndi wina wa 1500. Nde sabata yamawa tikukumana ndi timu ina yomwe pa bodi 1 ili ndi chilombo cha 2300 koma enawo ndi anthu wamba, 1800, 1750 ndi 1700. Mnzanga wina akuti bwanji wa 1500 uja tingomuika pa bodi 1 akafere komweko poti olo titaikapo wa 1900 aluzabe, kenako atatu enawo atsike akakolole pansipa. Kodi zimenezi nzololedwa kapena nkuba?
Kaputeni wothedwa nzeru

Yankho: Akaputeni, mnzanuyo masamu amawatha, zimenezo tisamukanize. Rating imene mukunenayi ndi ija anaikonza Arpad Elo, mphunzitsi wa physics wobadwira ku Hungary yemwe ankakhala ku America, ndipo bungwe loyendetsa chesi padziko lonse la FIDE linayamba kuigwiritsa ntchito mu 1970. Imanena kuti ukamuposa mnzako ndi 100, pa magemu 100 iwe uyenera kutolera mapointi pafupifupi 64, ukamuposa ndi 200 ndi 76, ukamuposa ndi 400 ndi 92. Nde tiyeni tiwerenge. Mukandanda mwachilungamo, wa 1900 akubweretsa 0.08 basi, awiri apakatiwo 0.57 aliyense, wa 1500 uja pa bodi 4 ndi 0.24, zonse pamodzi 1.46 pa mapointi 4. Mukachita za mnzanuzo, bodi 1 mwaitaya pompo koma atatu enawo aliyense akumuposa mdani wake ndi 100, kutanthauza 0.64 katatu, 1.92. Mwapindula pafupifupi theka la pointi musanasunthe kanthu olo kamodzi, ndipo mu ligi yoti timu yopambana imatenga mapointi 2 yolepherana 1, theka limenelo si lamasewera ayi.

Nchifukwa chake maligi ambiri analetsa. Lamulo lake limati osewera akhale motsatana mphamvu, wamphamvu kwambiri pa bodi 1 kumatsika chomwecho, ndipo poti mphamvu sioneka ndi maso amangotenga rating nkuikapo malire. Ligi ya 4NCL ya ku Britain imadziwika ndi lamulo la mapointi 80, loti anthu awiri akasiyana ndi oposa 80 wamkuluyo akhale pamwamba basi palibe kukambirana. Maligi ena malire awo ndi ena, nde musanachite chilichonse katengeni pepala la malamulo a ligi yanu muwerenge, makamaka pomwe alemba za chilango, chifukwa kwina bodi yolakwikayo amaiwerenga ngati mwaluza olo munthu wanu atawina bwinobwino, kwina amalanda ndi mapointi a mabodi apansi omwe. Inu wa 1500 ndi wa 1900 akusiyana ndi 400, ligi iliyonse yokhala ndi lamulo lotereli singakuloleni.

Tsono tinene kuti ligi yanu ilibe lamuloli. Ine ndingakuuzenibe kuti ayi. Taganizani za mnyamata wa 1500 uja, wadzuka m'mawa, wakhala pampando, pofika muvu ya 20 mfumu yake ili pa mbalambanda wagwirana chanza ndi mdani, nkukhala maola atatu akungozungulira m'holo kuonerera anzake. Iyeyo akudziwa kuti simunamuike pamenepo chifukwa chomudalira, mwamusandutsa nyambo. Wa 2300 nayenso anabwera kudzasewera chesi, osati kudzasaina pepala. Ndipo wanu wa 1900 mwamumana chinthu chosowa, chifukwa gemu yaitali ndi munthu wa 2300 siipezeka chisawawa ndipo amaphunziramo zambiri kuposa kukwapula wa 1800 kachikhumi. Komanso musaiwale kuti akaputeni anzanuwo si ana, mukachita kamodzi ulendo wina nawonso asokoneza mndandanda wawo, mapeto ake ligi yonse isanduka yolotera kuti uyu lero aika ndani pati, mpikisano nkumathera pa pepala la kaputeni m'malo mwa pa bodi.

Kanthu kena koti mudziwe, chinyengochi chimalipira pokhapokha timu inayo ili ndi munthu mmodzi wotalikira kwambiri anzake ngati mmene zililimu. Matimu akakhala ofanana, tinene onse 2000, 1900, 1800, 1700, wotsitsa anthu ake amachoka pa 2.00 kufika pa 2.07 chabe. Kudzinyazitsa konseko chifukwa cha 0.07.

Funso: Amalume, rating yanga ikuposa ya mnzanga ndi 40 koma kaputeni wamuika iyeyo pa bodi 2 ine pa 3. Sikundinyoza kumeneku? Ndikuganiza zongochoka mu timumu.
Wokhumudwa wa pa bodi 3

Yankho: Achimwene, khalani pansi kaye. Kusiyana kwa 40 ndi kochepa kwambiri, masana amodzi oipa akhoza kukufufuta, ndipo mpata umenewu ndi womwe malamulo amausiya dala kuti kaputeni agwiritse ntchito mutu wake. Pa Olympiad, mpikisano wa chesi wa matimu a maiko, ya 2024 ku Budapest, India inaika Arjun Erigaisi pa bodi 3 pomwe nthawi imeneyo rating yake inali pamwamba pa ya Gukesh amene anali pa bodi 1 ndi ya Praggnanandhaa wa pa bodi 2. Arjun anatolera 10 pa magemu 11, Gukesh 9 pa 10, India nkutenga golide koyamba m'mbiri yake. Mukuganiza kuti Arjun anapita kwawo akudandaula kuti amunyoza?

Pali anthu ena olimba, ovuta kuwagwetsa, oti akakumana ndi wamphamvu amatseka zitseko zonse mpaka gemu kuthera kulepherana, amenewo amayenera pamwamba. Pali ena okonda ndewu, amasewera zoika moyo pachiswe, amene akapeza munthu wofookerapo pang'ono samusiya wamoyo, amenewo ukawaika pa 3 ndi makina a mapointi. Mwina kaputeni wanu wakuonani kuti ndinu a mtundu wachiwiriwu, kamufunseni mwaulemu m'malo mokwiya chamumtima. Mwinanso mnzanuyo ndi wachichepere, ndipo ana amene akukwera msanga rating yawo imatsalira m'mbuyo, nchifukwa chake FIDE imawerengera osakwana zaka 18 ndi K ya 40 (K ndi nambala yonena kuti rating isinthe kwambiri bwanji pa gemu iliyonse) bola asanafike 2300, kuti nambala izithamanga kuwapeza. Mwana wolembedwa 1700 akhoza kukhala akusewera za 1850 kale.

Wina anena kuti nanga bwanji India anailola pomwe akaputeni a m'funso loyamba ndawakaniza. Pa Olympiad timu imakhala ndi osewera 4 ndi rizevu mmodzi, mndandanda mumaupanga mmene mukufunira koma mukaupereka wapita, sungasinthe maraundi onse 11. Ku Bundesliga ya ku Germany, komwe amasewera mabodi 8, nako mndandanda amaupereka sizoni isanayambe. Ndiye munthu sungauzembetse lero chifukwa waona chilombo pa bodi 1 mawa nkuubweza, ukaika wofooka pamwamba udzamusenza mpikisano wonse.

Funso: Amalume, wa pa bodi 2 akadwala m'mawa wa tsiku lamasewera ndipo tilibe rizevu, tingosiya bodi 2 yopanda munthu eti?
Mlembi wa kalabu

Yankho: Ayi a mlembi, ngati mwadziwa mndandanda usanaperekedwe, wa pa 3 akwere pa 2, wa pa 4 akwere pa 3, yopanda munthu ikhale yomaliza. Maligi ambiri amafuna chomwecho, poti kusiya bodi yapamwamba ndi chinyengo chomwe chija changovala malaya ena, mdani wamphamvu wangokhala osasewera anthu anu nkumamenyana ndi ofooka. Rizevu akakhalapo ndi chimodzimodzi, amalowa pomwe mphamvu zake kapena mndandanda ukumuika, osati pampando wa wodwalayo ayi.

Chomwe anthu amaiwala ndi mitundu. Pa mpikisano wa matimu mitundu imasinthana bodi ndi bodi, timu imodzi imatenga zoyera pa 1 ndi 3 inayo pa 2 ndi 4, nde munthu akakwera bodi imodzi mtundu wake watembenuka. Amene anagona mochedwa kukonzekera kutsegula ndi zoyera apezeka ali ndi zakuda komanso ndi mdani wina amene sanamuganizireko. Uthenga wa wodwalayo ukangofika muwaimbire foni onse okwerawo nthawi yomweyo, olo mphindi 30 za m'galimoto zimakwana kuti munthu akumbukire zomwe amayankha mdani wa zoyera akatsegula gemu ndi muvu ya e4 kapena d4.