Kodi 0.7 MN ndi 700 kN n'chimodzimodzi?

FUNSO: Bambo, ndine mnyamata wa ku Mabvuku kuno ku Harare, ndimagwira ntchito yomanga ku Msasa. Ndimathira konkire m'timabokosi tachitsulo, ikauma ndimanyamula timiyalato kupita nato ku labotale kuti akatiphwanye. Sabata yatha pepala linabwera litalembedwa 0.7 MN, koma akapitawo analemba 700 kN m'buku lawo. Agogo anga, omwe anachoka ku Dedza kudzagwira ntchito ku migodi, akuti iwo amadziwa matani basi. Akulondola ndani?

YANKHO: Mwana wanga, akapitawo ako sanalakwitse, ndipo agogo akonso ali ndi mfundo.

Muyeso wa mphamvu yokankha kapena yokoka umatchedwa newton, potengera dzina la Isaac Newton wa ku England, ndipo umalembedwa N. Ndi kamphamvu kochepa, kongofanana ndi kulemera kwa tomato mmodzi wa magalamu 100 ali m'dzanja lako. Thumba la simenti la makilogalamu 50 limakupsinja paphewa ndi ma newton pafupifupi 490. N'chifukwa chake ife omanga timawerengera m'magulu akuluakulu. Ma newton 1,000 ndiwo kilonewton imodzi, kN. Ma kN 1,000 ndiwo meganewton imodzi, MN. Ma MN 1,000 amapanga giganewton, GN, koma imeneyo pa ntchito yako sudzakumana nayo. Potsika kuchoka pa MN kupita pa kN umachulukitsa ndi 1,000, pokwera umagawa ndi 1,000. Ndiye 0.7 kuchulukitsa ndi 1,000 ndi 700.

Tsono za agogo. Tani imodzi ikakhala pansi imapsinja nthaka ndi 9.81 kN, choncho ukagawa 700 ndi 9.81 upeza matani 71 ndi pang'ono. Ukawauze kuti kamwala ka mdzukulu wawo kanapirira kulemera kwa matumba a simenti oposa 1,400 kasanaphwanyike. Pa malo a ntchito ambiri amangogawa ndi 10 kuti achite changu. Poyerekeza chabe palibe vuto, koma m'buku la injiniya usatero.

Chomwe ndimadandaula nacho kwambiri ndi kalembedwe. Ndinagwirapo ndi mnyamata wina wakhama amene ankalemba mN m'malo mwa MN, akumati chilembo n'chomwecho. Ayi ndithu. M wamkulu ndi mega, kutanthauza miliyoni, pamene m wamng'ono ndi milli, gawo limodzi mwa magawo 1,000. Kusiyana kwake ndi ka biliyoni imodzi! Tinachezera usiku kukonza mapepala a mwezi wathunthu, ndipo mpaka lero ndikaona pepala ndimayamba kuyang'ana chilembocho. Kadontho ka pa 0.7 nakonso uzikalemba koonekera bwino, chifukwa fumbi la simenti likakaphimba wina adzawerenga 7.

Popeza wafunsa, tenganso ichi. Ngati kamwala kako ndi ka mamilimita 150 mbali zonse, nkhope yake ndi 150 kuchulukitsa ndi 150, yomwe ndi masikweya milimita 22,500. Ukagawa ma newton 700,000 ndi 22,500 upeza 31 ndi pang'ono, ndiye kuti pafupifupi 31 MPa (megapascal, kutanthauza ma newton 31 pa sikweya milimita iliyonse), kulimba kwa konkire yako. Nambala imeneyi ndi imene ainjiniya amafuna kuona pakatha masiku 28 chithirireni konkireyo. Lolemba ukapemphe akapitawo akuonetse nambala yomwe ili pa pulani ya nyumbayo, uyerekeze wekha.