Alamu, Nayi Nkhani ya WiFi ndi Bandulo pa Ulendo wa ku Dar

Alamu, uthenga wanu ndaulandira. Mukuti kampamba kakwana, mukufuna tidzanyamukire limodzi ulendo ukubwerawu wokaoda katundu ku Dar es Salaam, ndiye mukufunsa ngati n'koyenera kutaya ndalama pogula simukhadi ya ku Tanzania pomwe mwamva kuti kumalo ogona kumakhala WiFi yaulere. Mwachita bwino kufunsa, paja safunsa anadya phula. Ine ulendo wanga woyamba sindinafunse munthu, ndipo phulalo ndinalidyadi.

Muyambe mwamvetsa mmene geniyi ikuyendera masiku ano, chifukwa yankho lagona pamenepo. Kale tinkaoda zomwe zatisangalatsa n'kumadzadikira ogula kunyumba. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, palibe amene ali ndi mpamba wogulira nsapato zoti zikagone m'shopu miyezi itatu. Katundu wambiri amene ndimabwera naye amakhala ali ndi mwini wake ndisanamulipire n'komwe. Ndikalowa m'shopu ku Kariakoo, dera la msika waukulu wa ku Dar, kaya mumsewu wa Congo komwe kuli zovala ndi nsapato, kaya wa Uhuru komwe kuli zitenje, ndimajambula n'kuponya pa status ya WhatsApp ndi m'magulu a makasitomala anga. Mphindi 10 zisanathe mayi wa ku Area 25 wayankha kuti ndimutengere mapeyala awiri a saizi 39, wa ku Ndirande akufunsa ngati chofiira chilipo, wina akuti watumiza kale theka la ndalama ndione. Apo n'kuti mwini shopu wakuimirirani, ndipo kumbuyo kwanu kuli Mkongo ndi Mzambia akuloza katoni yomweyo. Simunganene kuti dikirani ndithamangire kogona ndikafunse kasitomala. Pofika madzulo, pamene WiFi mwaipeza, katoni ija ili pa lole yopita ku Lubumbashi.

Ndiye simukhadi ya komweko mugule basi. Mtengo wa simukhadiyo pamodzi ndi bandulo ya sabata imodzi mudzaulembe m'kabuku kanu, pamzere womwewo umene mumalemba ya basi, ya kogona, ya wonyamula katundu ndi ya msonkho wa MRA, kenako muugawe pa katundu yense. Pa chitenje chimodzi umagwerapo wochepa kwambiri moti kasitomala sangaumve.

Pogula pake ndiye pofunika maso. Tikangowoloka mlatho wa Songwe kulowa ku Kasumulu, anyamata adzakuzungulirani, ena osintha ndalama, ena atanyamula masimukhadi olembetsa kale. Amenewo muwakane. Simukhadi yotero ili m'dzina la munthu amene simukumudziwa, ndipo tsiku limene mudzaikemo ndalama kapena kuiwala PIN, mwini wake ndi iyeyo osati inu. Tidzalowa mu ofesi yeniyeni ya kampani ku Mbeya kapena tikafika ku Dar, mudzapereke pasipoti yanu, akulembetseni m'dzina lanu. Makampani ake akuluakulu ndi Vodacom, Airtel, Halotel ndi Yas, amene ambiri akuwatchulabe Tigo chifukwa dzinalo linasintha kumapeto kwa 2024. Ine ndimagwiritsa ntchito Vodacom kaamba ka M-Pesa, imene ili ngati Mpamba kwathu kuno. Mashopu ambiri ku Kariakoo anapachika nambala yolipirira imene amaitcha Lipa Namba, ndiye mashilingi ochuluka ndimawaika m'foni kusiyana n'kuwamanga m'chiuno pa chigulu cha anthu chija. Mawu atatu muwasunge pamtima: simukhadi amati laini, bandulo amati bando kapena kifurushi, ejenti amati wakala. Ndi atatu amenewo mukhoza kuthandizidwa ngakhale Chiswahili china chonse chitakuthawani.

Simukhadi ya kwathu musaichotse m'foni. Ka Tecno kanu kali ndi malo awiri, ndipo pano ndi pomwe malo achiwiriwo amagwira ntchito yake. Mauthenga oti kasitomala watumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba amabwera pa nambala ya kwathu. Manambala achinsinsi amene banki imatumiza mukamalipira amabweranso pomwepo. Choncho tisananyamuke mupite ku ofesi ya kampani yanu mukafunse ngati nambala yanu ndi yotsegulidwa kuti izigwira kunja, ndipo muikiretu app yake m'foni, chifukwa manambala oyamba ndi nyenyezi aja nthawi zina amakana munthu ukakhala kunja. Mukatero mulowe mu settings muzimitse data roaming pa simukhadi ya kwathuyo, n'kuiuza foni kuti intaneti izitenga ku ya ku Tanzania yokha. Phula langa lija linali limeneli. Ndinagula bandulo yaikulu ku Karonga n'kumadziona wochenjera, osadziwa kuti bandulo ya kwathu imathera pa boda. Titadutsa Tukuyu foni inali ikulandirabe zithunzi za m'magulu, koma ikudya mayunitsi pa mtengo wa kunja, ndipo pofika ku Mbeya munalibe ngakhale ya flash. Bandulo ija ndinakaipeza itatha masiku pobwerera.

Za WhatsApp musade nkhawa. Kuika simukhadi yatsopano sikusintha nambala yanu ya WhatsApp, makasitomala azikupezanibe pa ya +265 ija. Ikakufunsani ngati mukufuna kusintha nambala, mukane.

Tsono WiFi sindikuti ndi yoipa. Madzulo tikabwerera kogona miyendo itatupa, ine ndimalumikiza. Pamenepo ndi pomwe ndimatumiza mavidiyo a katundu, kuimbira ana pa video call, kulola foni ichite ma update ake, ndi kutsitsa mapu a Dar pa Google Maps kuti azitseguka popanda intaneti. Zonsezi n'zolemera, bandulo zingaimalize usiku umodzi. Kungoti mukonzeke kupsa mtima, chifukwa nyumba yonse imakhala yodzaza ndi ife a geni, aliyense akutumiza zithunzi nthawi imodzi, moti vidiyo ya mphindi imodzi imatha kuzungulira mpaka mwagona.

Chimene sindichita pa WiFi ya gulu ndi kulemba chinsinsi chilichonse pa tsamba lomwe langotulukira lokha. Mayi wina amene tinkayenda naye zinamuonekera ndikuona. Tili pamalo ena ogona anapeza WiFi yopanda password, dzina lake lofanana ndendende ndi la nyumbayo. Atalumikiza panatuluka tsamba lofunsa nambala ya foni, iye n'kulemba. Kenako linati lembani manambala 6 amene mwalandira pa SMS kuti intaneti itseguke, iye n'kulembanso. Manambala aja anali a WhatsApp yake. Wakubayo anali akulowetsa nambala ya mayiyo pa foni ina, ndipo chimene chinkamusowa ndi manambala okhawo. M'mawa kukucha WhatsApp inali itatuluka m'foni mwake, uku makasitomala ake akulandira mauthenga a m'dzina lake oti katundu wagwidwa pa boda, tumizani ndalama msanga pa nambala iyi. Awiri anatumiza. Ndalamazo anabweza yekha, koma chimene chinamuliza ndi choti ena mpaka lero amamukayikira kuti anapanga dala.

Mudziwe kuti munthu aliyense wokhala ndi foni angatsegule hotspot n'kuitcha dzina lomwe wafuna, la hotelo, la basi, la bwalo la ndege. Anthu ena amaopseza kuti ukangolumikiza WiFi ndiye kuti akuba akuwerenga zonse za m'foni mwako. Pamenepo amawonjezera, chifukwa mauthenga a WhatsApp ndi ma app a banki amayenda atatsekedwa. Ngozi yeniyeni ndi tsamba lokupemphani kuti mupereke nokha, kaya password ya Facebook, kaya nambala ya khadi la ku banki, kaya manambala a pa SMS. Ndiye mukafika kogona, dzina la WiFi ndi password yake muzifunsa kwa wolandira alendo, ndipo za ndalama zonse muzichita mutazimitsa WiFi, pa bandulo yanu. Lero lomwe mutsegule two-step verification pa WhatsApp, loko wachiwiri wofunsa PIN munthu akamalowetsa nambala yanu pa foni ina, muike PIN imene si chaka chanu chobadwa. Mayi uja akanakhala nayo, wakubayo akanathera panjira.

Kuti bandulo ikwane sabata, muletse WhatsApp kutsitsa yokha zithunzi ndi mavidiyo, makamaka a gulu la kumpingo ndi la kumudzi lija, ndipo TikTok muisiye kaye. Kuchokera ku Mbeya kukafika ku Dar ndi makilomita oposa 800, tsiku lathunthu muli pampando, ndipo ndaona anthu akufika pa siteji ya Magufuli ku Mbezi bandulo itathera m'masewero, kenako n'kumabwereka foni kuti aimbire wowachingamira. Power bank ndi yofunika kuposa chovala chachiwiri. Chaja yanu ya mano atatu ija ikagwira ntchito, masoketi ambiri ndi ofanana ndi athu.

Mukadzayamba kupita ku Joni nkhani idzasinthako pang'ono. Kumeneko simukhadi amalembetsa potsatira lamulo la RICA, amafuna pasipoti ndi umboni wa komwe mukukhala, ndipo musanafike pa boda ya Beitbridge yolowera ku South Africa mumakhala mutadutsa Mozambique ndi Zimbabwe, maiko omwe palibe amene amawagulira simukhadi chifukwa chongodutsa. Koma zimenezo tidzakambirana nthawi yake ikadzakwana.

Kanthu kena kakang'ono. Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi, ndipo Mswahili akati saa moja asubuhi akutanthauza 7 koloko m'mawa, osati 1 koloko. Wa basi akakuuzani nthawi, mumuuze akulembereni pa tikiti.

Achimwene anu muwauziretu kuti kuchokera pa Songwe mpaka titagula laini mudzakhala chete pa WhatsApp maola angapo, asadzayambe kuimbira abale kuti mwasowa. Mudzatenge pasipoti, kabuku kolembamo maoda, ndi kapini kotsegulira malo a simukhadi. Kanga kanatayika ku Kyela, ndakhala ndikutsegulira ndolo.