Musapemphe "mabuku aliwonse", pemphani ndalama za mabuku omwe mwasankha

Mayi, ndawerenga funso lanu. Mwati komiti ya makolo ndi aphunzitsi pasukulu yanu ya pulayimale, kufupi ndi Liwonde, ikufuna kusonkhetsa ndalama zogulira mabuku a ana chifukwa omwe ali mulaibulale ndi achingerezi okhaokha, onena za ana akunja, ndipo mukufuna kudziwa poyambira. Ndinakhalapo msungichuma wa komiti yotere kuno ku Lilongwe, ndiye ndikuuzani zomwe ndinaona ndi maso anga.

Ife tinayamba molakwika. Tinalengeza kuti aliyense wakufuna kwabwino atithandize ndi mabuku, osanena kuti mabuku otani. Walira mvula walira matope. Anatipatsa makatoni, tinalipira galimoto yokatenga, ana anaimba nyimbo powalandira. Titatsegula tinapezamo mabuku a akaunti a kukoleji, manovelo a akuluakulu a zilembo zing'onozing'ono, ndi magazini akale onunkha chinyontho. Oyenera mwana wa Sitandade 2 sanadzaze ngakhale dzanja limodzi. Otsalawo sitikanawataya poopa kukhumudwitsa wopereka, ndiye anakhala pakona mpaka chiswe chinamangamo nyumba. Chonde inu musadutse njira imeneyi.

Musanalembe kalata yopempha chilichonse, sankhani Loweruka limodzi, mutulutse mabuku onse m'kabati ndi kuwayala pamkeka. Mukhale ndi aphunzitsi a makalasi aang'ono, amayi a Mother Group, ndi ana angapo a makalasi osiyana. Anawo ndi ofunika kwambiri: apatseni buku, muone ngati alitsegula kawiri. Kenako tengani kaundula wa sukulu mudzifunse kuti ana athuwa ndi ndani. Kwanuko ambiri kunyumba amayankhula Chiyao, ena Chilomwe, ena Chichewa. Alipo Asilamu, alipo Akhristu. Alipo ana a asodzi a mumtsinje wa Shire, ana oleredwa ndi agogo, ana omwe bambo awo ali ku Joni, mwana woyendera njinga ya olumala, mwana wachialubino, mtsikana wofuna kudzakhala dokotala kapena woyendetsa sitima. Aliyense wa iwo, akavundukula mabuku onse ali pamkekapo, adzipezamo? Pomwe yankho lili loti ayi, pamenepo ndi pomwe pakuyambira mndandanda wanu.

Ndikutsindika za chiyankhulo chifukwa mwana amayamba kukonda kuwerenga pamene mawu a papepala akumveka ngati a kunyumba. Kuchokera mu 1968, pamene Chichewa chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko, ziyankhulo zina zija zinatsalira kwambiri pankhani ya mabuku, ndipo mpaka lero buku la nthano la Chiyao ndi losowa m'mashopu. National Reading Programme, ndondomeko ya boma yophunzitsa ana kuwerenga yomwe inayamba mu 2016, inabweretsa mabuku ophunzirira Chichewa ndi Chingerezi m'makalasi a Sitandade 1 mpaka 4, ndipo ndi abwino pantchito yake, koma mwana akamaliza buku la m'kalasi amafuna lina longosangalala nalo. Limenelo ndi lomwe laibulale yanu iyenera kumupatsa.

Apa ndichenjezeko pang'ono, poti ena akamva zoterezi amafuna kuchotsa mabuku onse akunja. Ayi ndithu. William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, anapanga makina amphepo opangira magetsi ali ndi zaka 14 atabwereka buku lachingerezi la sayansi mukalaibulale kakang'ono ka kwawo. Mwana wa ku Liwonde ayenera kudziwanso momwe anzake a ku India kapena ku Brazil amakhalira. Vuto limakhalapo pokhapokha ngati shelefu yonse ikunena za ena, iye mulibe.

Kopeza mabuku kulipo. Yambani ndi a National Library Service, omwe likulu lawo lili ku Lilongwe ndipo ali ndi nthambi m'maboma angapo. Iwo anasindikiza mabuku a ana otchedwa Werengani, olembedwa ndi Amalawi, komanso ndi omwe akhala akugwira ntchito ndi Book Aid International ya ku Britain pogawa mabuku m'dziko muno. Alembereni kalata yodindidwa ndi ahedi, munene chiwerengero cha ana ndi misinkhu yawo. Funsaninso mitengo kwa osindikiza a kuno monga CLAIM Mabuku, Dzuka, ndi Montfort Media yomwe ili pa Balaka pomwepo, ulendo waufupi kuchokera kwanu. Mukagula kwa amenewa mukuthandizanso olemba athu kuti apitirize kulemba.

Koma njira yomwe inatipulumutsa ife ndi ya pa intaneti. Pali African Storybook ya bungwe la Saide la ku South Africa, pali Book Dash ya komweko, palinso StoryWeaver ya Pratham Books ya ku India. Nkhani zawo ndi zaulere, ndipo chilolezo chake chimakulolani kuzitsitsa, kuzisindikiza, ngakhale kuzimasulira m'chiyankhulo chanu, bola mayina a wolemba ndi wojambula asachotsedwe. Ndiye kuti nkhani yokongola ya mtsikana wa ku Uganda aphunzitsi anu angathe kuiika m'Chiyao madzulo amodzi. Pa kalembedwe kake afunse a Centre for Language Studies ku Zomba, omwe anakonza malamulo a kalembedwe ka Chiyao. Muonetsetsenso kuti mphunzitsi wawerenga nkhani iliyonse musanasindikize, chifukwa zina zolembedwa kuti ndi Chinyanja ndi za ku Zambia, ndipo mawu ena mwana wa kuno amaima nawo.

Ubwino wina wosindikiza nokha ndi uwu. Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino oposa 134,000 m'Malawi muno, ndipo ambiri mwa iwo saona bwino zilembo zing'onozing'ono. Pasukulu pathu panali mtsikana wotere yemwe ankagunditsa buku pamphuno kuti awerenge, anzake n'kumamuseka. Tinamusindikizira nkhani zomwezo pamapepala aakulu, zilembo zikuluzikulu zakuda bii. Tsiku lomwe anawerenga mokweza kutsogolo kwa kalasi, buku ataligwira patali ngati wina aliyense, mayi ake anaima pawindo akupukuta misozi ndi chitenje. Ngati muli ndi ana osaona, pemphani a PEA, mlangizi wa sukulu za pulayimale m'dera lanu, akulumikizeni ndi mphunzitsi wa ana ofunika chithandizo chapadera, komanso ndi a ku Montfort ku Nguludi omwe akhala akuphunzitsa aphunzitsi a braille, zilembo zowerenga ndi zala, kwa zaka zambiri.

Musaiwale agogo. Ife tinaitana agogo anayi, tinawaphikira tiyi, anakhala pansi pamtengo wa mango. Wina atangoti "Padangokhala," ana onse anayankha "Tilitonse!" mpaka a Sitandade 8 omwe ankadziona ngati akula. Aphunzitsi ankajambula mawu pafoni, kenako n'kulemba, ana n'kujambula zithunzi. Timabuku timeneto, tosokedwa ndi ulusi, tachikuto cha katoni, ndi tomwe tinatha msanga ndi kubwerekedwa, chifukwa pachikuto panali dzina la agogo a m'mudzi momwemo. Kwanuko nthano za Chiyao zilipo zambiri pakamwa pa anthu, zikungodikira wozilemba.

Tsopano za ndalama. Mukakhala ndi mndandanda ndi mitengo yake, kupempha kumaphweka. Munthu ukamuuza kuti "tithandizeni pa laibulale" amati ndiganizira, koma ukamuuza kuti "buku ili la Sitandade 2 likusowa wogula, ndipo dzina lanu tidzalilemba mkati mwa chikuto" amapisa m'thumba. Nthawi yabwino ndi yokolola, kuyambira May, osati January kapena February pamene makolo ali pa njala ndi ngongole za feteleza. Landirani chimanga, mpunga kapena nandolo kwa omwe alibe ndalama, mugulitse pamodzi. Big walk imathandiza, koma kwa ife chomwe chinadzaza mbale ndi ukwati wachiyerekezo: ana awiri anavala ngati akwati, makolo n'kumavina perekaniperekani mpaka dzuwa kulowa. Pitani kwa amfumu, kwa mashehe ndi kwa abusa musanalengeze, kuti nkhaniyi imveke ku mzikiti Lachisanu ndi kutchalitchi Lamlungu. Ndipo fufuzani omwe anaphunzira pasukulupo, makamaka a ku Joni. Ambiri ali ndi magulu a WhatsApp, ndipo akaona chithunzi cha kalasi yomwe anakhalamo satenga nthawi kutumiza kudzera pa Mukuru.

Zinthu ziwiri zokha musalolere. Mwana asabwezedwe kunyumba chifukwa kholo silinasonkhe. Maphunziro a pulayimale ndi aulere kuchokera mu 1994, ndipo laibulale yoyamba ndi kuthamangitsa ana idzadedwa ndi mudzi wonse. Chachiwiri, ndalama zisalowe pa nambala ya Airtel Money kapena Mpamba ya munthu mmodzi popanda wina woona. Osayinira akhale atatu, ndipo Lachisanu lililonse matani pakhomo la ofesi pepala loonetsa zolowa ndi zotuluka. Ndikunena monga munthu yemwe anasungapo thumbalo: pepala limenelo limateteza msungichuma kuposa wina aliyense.

Ndalama zikangokwana gawo loyamba, gulani. Ena amafuna kudikira kuti zichuluke, koma kumbukirani November 2023 pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, mitengo ya mapepala ndi inki n'kukwera nthawi yomweyo. Patulaninso kagawo kogulira pulasitiki yokutira, selotepi, guluu ndi mankhwala a chiswe. Mashelefu kapena makabati yesani kuwalowetsa mu pulani ya sukulu kuti alipiridwe ndi ndalama za SIG zomwe boma limapereka zotukulira sukulu, zanuzo zipite ku mabuku okha.

Chomwe chimandiwawa ndikamayenda m'masukulu ndi kuona mabuku atsopano atakiyiridwa muofesi, aukhondo ngati anabwera dzulo, chifukwa ahedi akuopa kuti akasowa adzafunsidwa iwo. Mantha amenewa ndi omveka, ndiye achotseni pamsonkhano wa makolo, zilembedwe m'maminitsi: mabuku ena adzang'ambika, ena adzasowa, ndipo palibe mphunzitsi adzalipitsidwe. Gawani mabuku m'mabokosi, kalasi iliyonse lake, musinthanitse mwezi ukatha. Ana awiri odalirika m'kalasi azilemba m'kope wobwereka ndi tsiku lobweza. Lolani buku ligone kunyumba, chifukwa kumeneko likawerengedwanso kwa mng'ono wake ndi kwa agogo.

Mukamaliza kuyala mabuku pamkeka paja, tumizani kuno zomwe mwapeza ndi chiwerengero cha ana m'kalasi iliyonse. Ndili ndi nkhani zingapo zachichewa zomwe tinasankha kale za Sitandade 1 mpaka 4, ndipo ndingakutumizireni kuti aphunzitsi anu ayambe kuziika m'Chiyao tchuthi chisanathe.