Funsani Makaniko: Indiketa Imazima Ndikaponda Buleki

FUNSO: Ndili ndi pikapu ya Datsun 620 ya chaka cha 1977 imene anandisiyira malemu bambo anga, ndipo mpaka lero ndi imene imanditutira feteleza, chimanga ndi mbatata kuno kwathu. Chiyambireni mvula, indiketa ya kumanzere yakhala ikundizunguza mutu. Ndikaiyatsa, babu la kutsogolo limaphethira, koma la kumbuyo limayaka mofooka, ndipo mwana wanga ataima kumbuyo anaona kuti magetsi ofiira nawonso akuphethira pang'ono. Ndikaponda buleki, indiketa ya kumbuyoyo imazimiratu, ya kutsogolo n'kumangoyaka osaphethira. Ndagula kawiri flasher, kachipangizo kamene kamaphethiritsa indiketa, ndasintha mababu onse, koma palibe chasintha. Wina wandiuza kuti mawaya onse akalamba, ndiyenera kuwachotsa n'kuika atsopano. Mwezi wamawa ndikufuna kukatenga COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Kodi nditani? — Wowerenga wa ku Dedza

YANKHO: Bambo, choyamba ndikupemphani kuti musagulenso flasher yachitatu, ndiponso musalole munthu kudula waya ngakhale mmodzi. Mwafotokoza vutoli momveka bwino kwambiri, ndipo zonse zimene mwanena zikuloza pamalo amodzi: nyali ya kumbuyo kumanzere yataya earth, ndiye kuti njira imene magetsi amabwerera nayo ku batire yatsekeka.

Anthu ambiri tikamaganiza za magetsi a galimoto timangoona waya amene amabweretsa moto ku babu, n'kuiwala kuti moto umenewo uyenera kubwerera kumene wachokera kuti babu liyake. Opanga galimoto saika waya wautali wobwerera pa babu lililonse. Chitsulo cha galimotoyo ndicho chimagwira ntchito imeneyi, chifukwa mbali ya negetivu ya batire imamangidwa ku chitsuloko. Pa nyali ya kumbuyo, babu la indiketa ndi babu la buleki limodzi ndi la magetsi ofiira a usiku amagawana njira imodzi yobwererayo. Dzimbiri likadya pamene njirayo imakhudzira chitsulo, moto umene wadutsa m'babu la indiketa umasowa kolowera, ndiye umatembenukira m'babu la buleki, n'kuyenda chobwerera m'waya wake mpaka kukafika ku nyali ya kumanja, kumene earth ikadali yabwino. N'chifukwa chake mwana wanu anaona magetsi ofiira akuphethira, ndipo n'chifukwa chake indiketayo ndi yofooka, pakuti mababu angapo akugawana mphamvu imene inayenera kupita ku babu limodzi. Mukaponda buleki, waya wa buleki uja amadzaza ndi mavoti 12 ake, njira yozembera ija imatsekeka, ndipo indiketa ya kumbuyo imazima chifukwa mbali zake zonse ziwiri zili ndi mphamvu yofanana.

Nanga bwanji ya kutsogolo imaleka kuphethira? Flasher zambiri zakale zili ndi kachitsulo kopyapyala m'kati kamene kamatentha moto ukamadutsa, n'kupindika, n'kudula motowo. Kakazizira kamabwerera pamalo pake n'kulumikizanso, ndipo ndiko kulira kwa "thi, thi" kumene mumamva pansi pa dashibodi. Kachitsuloko kanayezedwa kuti kazitenthedwa ndi mababu awiri a mawati 21 lililonse, kapena 23 pa galimoto zina zakale za ku Japan, omwe pamodzi amakoka maampu pafupifupi atatu ndi theka. Babu limodzi likachoka pa mzere, kachitsuloko sikatentha mokwanira, choncho nyali yotsalayo imangoyaka duu. Mitundu ina ya flasher imachita zosiyana, imayamba kuphethira mothamanga kwambiri. Pamenepa flasher siinawonongeke, ikungokuuzani kuti babu lina silikulandira moto. Ndiponso flasher ndi imodzi ya mbali zonse ziwiri, kotero ngati kumanja kukugwira bwino, yokhayo ndi mboni yakuti flasher ilibe mlandu.

Kuti mutsimikize, simufunika chipangizo chodula. Pezani waya wotalika mamita asanu kapena asanu ndi limodzi, mangani nsonga imodzi ku negetivu ya batire, masulani galasi la nyali ya kumbuyoyo, ndipo indiketa ili chiyakire, khudzitsani nsonga inayo pa chitsulo cha kunja cha soketi imene babu limakhalamo. Samalani kuti musakhudze kadontho ka pansi pakati pa soketi kamene kamabweretsa moto, chifukwa mungapsereze fyuzi. Babu likangowala mwamphamvu, magetsi ofiira n'kuleka kuphethira, uzani mnzanu aponde buleki. Indiketa ikapitiriza ntchito yake, vuto mwalipeza.

Kukonza kwake kumafuna kudekha kuposa ndalama. Chotsani kaye waya wa negetivu pa batire, masulani nyali yonse, ndipo yang'anani kumbuyo kwake. Ndikukhulupirira kuti mukapeza matope ouma, dzimbiri lofiira pa zomangira, ndi zoyera kapena zobiriwira ngati ufa m'kati mwa soketi. Pa Datsun waya wa earth amakhala wakuda, pamene pa Toyota amakhala woyera wa mzere wakuda. Mutsateni mpaka pamene wamangidwira. Palani malowo ndi sandipepa kufikira chitsulo chiziwala, palaninso m'kati mwa soketi ndi m'mbali mwa mababu, ndipo onani ngati kasipuling'i kamene kamakankha babu kakadali ndi mphamvu. Ine sindikhutira ndi kupala kokha pa pikapu ya zaka zoterezi. Bodi ya kumbuyo ya 620 ndi yapayokha, imangokhala pamwamba pa chesesi yomangidwa ndi mabawuti amene akhala m'madzi ndi m'fumbi chituluke galimotoyo m'fakitale, ndiye kudalira mabawuti amenewo kuti azidutsitsa moto ndi kuika mtima pa chinthu chotha. Chimene ndimachita ndi kutenga waya watsopano wokhuthala ngati wa nyaliyo kapena kuposerapo, kumuika kamphete kumapeto, n'kumumanga kuchokera pa chitsulo cha nyali mpaka pa chesesi penipeni, pamalo opalidwa bwino. Mukamanga zolimba, pakani girisi kapena Vaseline pamwamba kuti madzi asafikepo. Chitani chimodzimodzi kumanja ngakhale kuti sikunayambe kuvuta, ndipo muonenso waya wamkulu wochokera ku negetivu ya batire kupita ku injini ndi ku bodi.

Mwatchula feteleza, ndipo ndikufuna muliganizire bwino limeneli. Feteleza amene amatayika m'matumba obooka amasungunuka mvula ikagwa, madzi akewo n'kutsetserekera m'makona a kumbuyo kwa bodi, kumene kuli nyali, ndipo amadya chitsulo msanga kuposa madzi wamba. Mukatsitsa katundu wotere muzitsuka bodiyo ndi madzi ambiri. Onaninso ngati galasi la nyali lili ndi mng'alu kapena ngati mphira wake wa m'mphepete unauma, chifukwa nyali imene ikusunga madzi m'kati idzabwereranso ku vuto lomweli mvula ya chaka chamawa isanathe.

Popeza mwasintha mababu onse, tsimikizaninso kuti lililonse lili m'malo mwake. Babu la indiketa lili ndi ulusi umodzi ndi kadontho kamodzi pansi, pamene la buleki ndi magetsi a usiku lili ndi ulusi uwiri, wa mawati 21 ndi wa mawati 5, timadontho tiwiri pansi, ndi timano ta m'mbali tosalingana kutalika. Munthu akakakamiza babu la kadontho kamodzi mu soketi ya timadontho tiwiri amalumikiza mizere iwiri yosiyana, ndipo zimene zimatsatira zimafanana ndithu ndi za earth yowonongeka.

Za kuchotsa mawaya onse sindikugwirizana nazo, pokhapokha mutapeza kuti mphira wa mawayawo ukuthetheka mukaupinda, kapena pali malo opsa ndi mfundo zambirimbiri zokulungidwa ndi tepi. Tsiku lina anandibweretsera pikapu imene mwini wake anali atalipira kale ndalama zambiri kuti aiikire mawaya atsopano kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, koma indiketa inali ikuzimabe akaponda buleki, chifukwa amene anagwira ntchitoyo anamangirira nyali pa dzimbiri lomwe lija. Mukamaliza, werengani kuphethira kwake injini ikulira: kuzikhala pakati pa 60 ndi 120 pa mphindi imodzi. Kukakhala kwaulesi mbali zonse ziwiri n'kumafulumira mukaponda mafuta, yezetsani batire ndi alternator imene imatchaja batireyo, pakuti injini ikamayenda pa batire payenera kuoneka mavoti apakati pa 13.5 ndi 14.5. Kufikira mutakonza, musayende nayo usiku. Woyendetsa amene ali pambuyo panu amaona indiketa ikuzima pa nthawi yeniyeni imene mukuchepetsa liwiro kuti mukhote.

FUNSO: Ndinaika mababu a LED m'maindiketa a Peugeot 404 yanga ya pikapu kuti aziwala kwambiri, koma tsopano amangoyaka osaphethira. Kodi ndinagula mababu achinyengo? — Wowerenga wa ku Chipata

YANKHO: Mababuwo akhoza kukhala abwinobwino, Bambo. LED imakoka moto wochepa kwambiri, wosakwanira kutenthetsa kachitsulo kamene ndafotokoza pamwambapa. Njira yabwino ndi kugula flasher yamakono yopangidwira LED, imene imaphethira pa liwiro limodzi kaya katundu wake ndi wochuluka kapena wochepa. Poika, werengani zilembo za pa miyendo yake: B kapena X ndi kolowera moto, L ndi kopita ku mababu, E ndi earth, koma P ndi wa kanyali ka pa dashibodi ndipo sayenera kumangidwa ku chitsulo. Zina zimalembedwa ndi manambala, 49, 49a ndi 31, m'ndondomeko yomweyo ya kolowera, kotulukira ndi earth. Ena amaika ma resistor a ma ohm 6 ndi mawati 50 pa babu lililonse kuti flasher yakale izimva ngati mababu akale akadalipo. Zimatheka, koma ma resistor amenewo amatentha kwambiri, amafuna kumangidwa pa chitsulo kutali ndi mawaya ndi pulasitiki. Dziwaninso kuti njira ziwiri zonsezi zimakulandani chenjezo lija la babu lopsa, choncho muzizungulira galimoto n'kuona nyali zonse musananyamuke. Kuseri kwa galasi lachikasu muziika LED yachikasu, chifukwa yoyera imaoneka yotumbuluka dzuwa likawala.

FUNSO: Pa Datsun yanga yakale maindiketa onse anafa tsiku limodzi, koma mahazadi akugwira. — Wowerenga wa ku Zomba

YANKHO: Mahazadi akamagwira ndiye kuti mababu, masoketi ndi earth zili bwino, ndipo mwapulumuka ntchito yaikulu. Mahazadi amatenga moto mwachindunji ku batire, pamene maindiketa amadikira kiyi ndipo amadutsa pa fyuzi ina. Pa galimoto zambiri zakale za ku Japan maindiketa alinso ndi flasher yawoyawo, ndipo moto wawo umadutsa m'kati mwa switchi ya mahazadi usanafike pa chiwongolero. Yambani ndi kuyatsa ndi kuzimitsa switchi imeneyo kangapo motsatizana, chifukwa imakhala miyezi yosakhudzidwa ndipo zitsulo zake zimachita litsiro. Maindiketa akadzuka, imasuleni muitsuke. Akapanda kudzuka, chotsani fyuzi yagalasi ija, muiyeze ngakhale ikuoneka yathunthu, ndipo mupale timano timene timaigwira. Ikakhala yopsa, ikanipo ina ya maampu ofanana ndi olembedwa pa chivundikiro cha bokosi la mafyuzi. Musaikulunge ndi pepala lonyezimira kapena kuikapo kawaya ka kopa, pakuti fyuzi yatsopano ikapsanso ndiye kuti pali waya wosupuka amene akukhudza chitsulo, ndipo malo oyamba kumufunafuna ndi pamene mawaya amatsika pa chiwongolero ndi pamene amadutsa m'mabowo a chesesi popita kumbuyo.