Za misewu yosawononga mpweya: yankho kwa achimwene a ku Luchenza

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Luchenza, ali ndi kakampani kakang'ono kokonza misewu ya fumbi ndi makalavati. Akuti anamva kuti maiko ena boma limapereka ndalama kwa kontrakitala amene akugwiritsa ntchito zipangizo zosatulutsa mpweya woipa wambiri, ndiye akufunsa kuti kodi ndi zoona, nanga kwathu kuno zingatheke?

Achimwene, ndi zoona ndithu. Ku America mu 2022 anakhazikitsa lamulo la Inflation Reduction Act ndipo mmenemo anaikamo madola 2 biliyoni oti athandize maboma a zigawo kugula simenti, phula ndi zitsulo zopangidwa mosawononga kwambiri. Ku India nako kuyambira 2015 boma linalamula kuti misewu yoyandikira mizinda ikuluikulu azisakaniza zinyalala za pulasitiki mu phula.

Vuto lagona pa simenti. Kuti ipangidwe amawotcha miyala ya laimu mpaka madigiri 1,450 ndipo mwalawo pawokha ukamapsa umatulutsa mpweya wa kaboni, osawerengera malasha owotchera aja, nchifukwa chake simenti yokha imatulutsa pafupifupi 8 pa 100 ya kaboni yense amene anthu timatulutsa padziko. Pano kuli simenti ina ya LC3 yosakaniza ndi dothi lowotcha, imachepetsa mpweyawu mpaka ndi 40 pa 100. Phula nalo lilipo lomwe safunika kulitenthetsa kwambiri, dizilo amapita wochepa.

Koma kunena mosabisa, kwathu kuno musadikire cheke. Ine ndikuona kuti mphamvu ya boma lathu ili pa tenda. Amene amagula misewu m'dziko muno ndi boma basi, kudzera ku Roads Authority ndi makhonsolo, zina mwa ndalama zake ndi zomwe zija timalipira pa mafuta ndi pa tollgate ya Chingeni, ndiye atangolemba mu tenda kuti wobweretsa zipangizo zotere apatsidwa mamalikisi owonjezera, makontrakitala nonse mungasinthe mwezi womwewo. Zinachitikapo kale, mu 2018 analetsa njerwa zowotcha pa zomanga za boma ndi zamalonda, lero taonani mabuloko a simenti ali mbwee pa Chitakale mpaka ku Bvumbwe. Mitengo ikupumako, ngakhale simentiyo ili ndi mlandu wake womwe ndanena uja.

Chomwe chimandiwawa ine nchina. Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023 ndinaima pa kalavati ina kumunsi kwa phiri la Mulanje, mapaipi ake aang'onoang'ono atatsekeka ndi miyala ndi zitsa, madzi anangozungulira nkudya msewu wonse, phula litasendeka ngati chikopa cha mbuzi, amayi akuwoloka atasenza nthochi madzi ali m'mawondo. Msewu womangidwa kawiri ndiye kuti simenti kawiri, dizilo kawiri, mathiraki a kwale kawiri. Ndi mvula ya kuno ku Mulanje yomwe imabiriwitsa tiyi ija, ngalande yabwino imapulumutsa mpweya wambiri kuposa simenti yodula yochokera kunja.

Ndiye inu pa tenda yotsatira lembanimo bwinobwino kukula kwa makalavati anu ndi komwe mutenge miyala, ikakhala ya pafupi muwonetse makilomita omwe mathiraki apulumutse. Ndipo mukapita ku msonkhano wa bungwe loyang'anira ntchito za zomangamanga kafunseni poyera za mamalikisi aja, mutengane ndi anzanu a ku Thyolo musapite nokha.