Salvia wanga akuyoyoka masamba, nditani?

FUNSO: Zikomo alangizi. Ine ndimakhala ku Leeds, ndinagula duwa lija la Salvia leucantha, lamaluwa apepo ofewa ngati veleveti, ndimalikonda heve chifukwa kwa mayi anga ku Zomba limangokula lokha panja. Mu Okutobala ndinalilowetsa mu conservatory, chipinda chija chamagalasi, kuopa chisanu koma pano masamba achita chikasu akuyoyoka, ndikaligwedeza mukumatuluka tizilombo toyera touluka. Ndimathirira tsiku lililonse. Ndalakwitsa pati? Mayi wa ku Leeds

YANKHO: Mayi, madziwo ndi amene akukupwetekerani duwa, asiyeni kaye lero lomwe. Kulilowetsa m'nyumba munachita bwino, kwawo ndi ku Mexico ndiye chisanu cha ku UK silingachipirire, koma nthawi ya winta limakhala ngati lagona, dzuwa ndi lochepa, silimwa madzi ambiri ndiye mukamathira daily mizu imangokhala m'matope mpaka kuola. Pisani chala m'dothi, ngati muli chinyezi musathire, mwina mpaka masabata awiri osathirira ndipo kambale ka pansi pa poti kasamakhale ndi madzi ayi.

Kutentha musade nako nkhawa kwambiri, madigiri 5 mpaka 10 akwana, bola usiku asafike pa 0. Kuliyika pafupi ndi hita ndiye kumaitana tizilomboto. Amenewo ndi ma whitefly, amabisala kunsi kwa masamba, kagulani timapepala tachikasu tomata tija ku garden centre mupachike pafupi, masamba ogwidwa kwambiri thotholani mukataye kunja. Ogwera m'poti muzitola msanga chifukwa amachita chuku chotuwa chomwe chimalowerera mpaka ku tsinde, masana kukafundako tsegulani windo mphepo izidutsa.

Likaoneka ngati timitengo touma musalitaye chonde, ambiri amataya lamoyo. Kandani khungwa ndi chikhadabo, mkati mukakhala mobiriwira lilipo. Mu Malichi mukaona tinsonga tatsopano tikuphuka pansi dulani nthambi zakale zonse, sinthani dothi muike dothi logula lija la John Innes No. 2 losakaniza ndi timiyala, feteleza wa tomato uja muyambe likayamba kukula. Panja lidzatuluke kumapeto kwa Meyi, pang'onopang'ono, masana kunja usiku m'nyumba, kwa sabata imodzi kapena awiri.

Ndipo mu Ogasiti mudzadule nsonga zitatu zinayi zopanda maluwa, za masentimita 10, mudzazibaye m'kapoti kena. Zimagwira mosavuta zedi, lalikululo litakanika winta yamawa mudzakhala ndi ana ake pa windo.